PA BENCHI YA MUMSIKA: Ku Korea ndege zimadikira mwana amalize mayeso

 Ndikudziwa kuti ambiri mumagula nyuzipepala ino kuti mukulungire usipa ndi zitumbuwa. Palibe mlandu. Koma tsamba lino muyambe mwaliwerenga lisanamwe mafuta.

Sabata yatha pa chipereganyu chathu panabuka kamkangano. Mayi wina wa tomato anapempha kuti mwezi uno alandire ndi iye, pomwe si nthawi yake. Ati mwana wake wa Sitandade 8 akufunika ndalama ya patitaimu, ndipo aphunzitsi anenetsa kuti wosalipira asayembekezere kusankhidwa. Mwanayo amachoka pakhomo 5 koloko m'mawa, kubwera 6 koloko madzulo, Loweruka lomwe. Ena anati apatsidwe, ena anati lamulo ndi lamulo. Kenaka mkulu wina wa mahadiweya anandiloza: "Afunseni a Korea awo, si anakaona okha mmene ana amaphunzirira?"

Ndilo dzina limene mwandipatsa chibwerere ku ulendo uja, a Korea. Za zakudya ndi za masitima apansi pa nthaka ndakufotokozerani kambirimbiri pa tiyirumu. Koma pali mbali ina imene ndakhala ndikuyizemba chifukwa imandichititsa manyazi. Lero ndiyinena yonse.

Amene simundidziwa bwino, ine ndinabadwira pa komboni ya esiteti ya tiyi ku Thyolo. Bambo anali a sikelo, oyeza makilo a masamba. Achemwali anga akuluakulu mpaka lero dengu lili kumsana, akuthyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira mbandakucha kuti akwanitse mgwazo. Mwana wawo woyamba anabadwa ndi mutu. Ine monga malume ndinamulipirira sukulu ndi ndalama ya kaunjika, belo ndi belo, mpaka anatsiriza ku yunivesite konkuno. Kenaka anapata mwayi wa sikolashipu ya boma la South Korea, imene amayamba akuphunzitsa chinenero chawo chaka chathunthu usanalowe m'kalasi. Mu Novembala 2023 mnyamatayo ananditumizira tikiti. "Amalume, bwerani mudzaone kumene kunapita mabelo anu." Ndinakwera pa Chileka, kusintha ndege ku Addis Ababa, kukatsikira pa Incheon mawondo atauma.

Musaganize kuti Akorea ndi alendo enieni kwa ife. Chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2008, ndi ntchito ya manja awo. Mukukumbukiranso za mu 2013, pamene boma la mayi Joyce Banda linalengeza kuti achinyamata 100,000 apita kukagwira ntchito ku Korea, anyamata n'kuyamba kusita malaya, kenaka eni dziko n'kunena kuti iwo za mgwirizano wotero sakuzidziwa. Ndipo ulendo womaliza wa kunja wa malemu Saulos Chilima, mu Juni 2024, unali wa ku msonkhano wa Korea ndi maiko a mu Africa. Koma kumva za dziko ndi kwina, kulipondamo ndi kwina.

Choyamba kundigwira chinali chisanu. Ine mwana wa ku Thyolo, wokulira mu chiperoni, ndinkati kuzizira ndimakudziwa. Bodza. Kumeneko mphepo imalowa m'mafupa ngati ngongole ya katapila. Koma ukalowa m'nyumba, uvule nsapato pakhomo, ndipo pansi pamatentha! Amadutsitsa mapaipi a madzi otentha pansi pa simenti, iwo amati ondol. Anthu ambiri kudya n'pansi, ena kugona n'pansi, ngati ife pa mphasa. Usiku woyamba ndinagona ngati mbatata yookedwa m'phulusa.

Mnyamatayo ankachita lendi kachipinda kwa mayi wina wa geni ngati inu nomwe, wogulitsa masokosi ndi zovala za ana pa msika wa Namdaemun. Titangopatsana moni, funso loyamba linali lakuti ndili ndi zaka zingati. Ndinadabwa. Kuno kufunsa munthu wamkulu zaka n'kupanda khalidwe. Mnyamatayo anandinong'oneza kuti, "Amalume, musakwiye, akufuna adziwe mmene akuyankhulireni." Eti chinenero chawo chili ndi masitepe a ulemu, ndipo munthu sangatsegule pakamwa bwinobwino asanadziwe kuti wamkulu ndani. Atamva kuti ndimawaposa zaka zitatu, mayiwo anaweramitsa mutu, ndipo kuyambira pamenepo mbale yoyamba inali yanga.

Apa ndiye ndinayamba kuona kuti anthuwa ndi achibale athu otayika. Kupereka kapena kulandira kanthu, manja awiri, kapena dzanja lina litagwira pa mkono, ndendende mmene amayi anatiphunzitsira. Wamkulu asanagwire chakudya, mwana sayamba. Wachinyamata akamamwa mowa pamaso pa wamkulu amatembenuzira nkhope kumbali. Mayi samutchula dzina lake, amamutchulira mwana, amake wakuti, abambo ake wakuti. Nthawi ya chikondwerero cha zokolola chotchedwa Chuseok misewu imadzaza, anthu kupita kumudzi kukalambula manda a makolo. Ndipo moni wawo wina ndi wakuti "Mwadya mpunga?" Ati unachokera nthawi ya njala, nkhondo ya 1950 mpaka 1953 itasiya dziko lili phulusa lokhalokha. Ine amene ndinaona njala ya 2002 moni ameneyu ndinamumva msanga kuposa mawu ena onse.

Za timitengo todyera tija ndisanene zambiri. Tawo n'tachitsulo, toterera. Nyemba imodzi ndinalimbana nayo mpaka inakagwera m'kapu ya mayi mwini nyumba. Tsiku lina ndinazika timitengoto chilili mu mpunga kuti ndipume kaye, nyumba yonse inati zii. Eti amatero popereka nsembe kwa akufa. Dzina la munthu wamoyo salemba ndi inki yofiira, ndipo m'zikepe zina zokwerera nyumba zosanja nambala 4 mulibe, analembapo F, chifukwa mawu akuti zinayi amamveka ngati imfa. Ndiye munthu wina adzandiuze kuti zikhulupiriro n'za ife osauka tokha.

Ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kimchi, kabichi wothira mchere, tsabola, adyo ndi timsomba, n'kumusiya asase. Novembala ndiyo nyengo yopanga wambiri woti adye chisanu chonse, amayi a pamudzi kuthandizana ngati mmene timachitira pofutsa mfutso. Tsiku loyamba ndinatuluka misozi. Pofika sabata yachiwiri ndinkaitanitsa wina.

Tsopano za kumsika, poti ndi zimene mukudikira. Namdaemun ndi msika wakalekale, anayamba kugulitsanapo zaka zoposa 600 zapitazo. Uli pakatikati pa mzinda wa Seoul ndipo palibe amene akuganiza zouthamangitsira kutchire. Mokuwa mwake, mokokana malaya mwake, monenerera mwake, ndi pa Limbe penipeni. Basela aliko, amati deom. Ukagula masokosi khumi, mayi amaponyamo limodzi akukuyang'ana m'maso kuti udzabwerenso. Kasitomala woyamba wa m'mawa amamusamala ngati dzira, ndipo woyamba akangonenerera n'kuchoka osagula, tsiku laipa. Ngakhale chipereganyu aliko nacho, amati gye, ndipo mayi uja ananena kuti benchi yake anayiyamba ndi ndalama ya gye, ndiponso kuti nkhani za msungichuma wothawa ndi thumba kumeneko n'zosasowa. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Kusiyana kwake n'kwa changu. Mawu amene mlendo aliyense amayamba kuwadziwa ndi akuti ppalli ppalli, kutanthauza msangamsanga. Chakudya msanga, basi msanga, ndalama ndi kakhadi kongogunditsa. Nkhalamba ya zaka 70 inandipitirira pa masitepe n'kundicheukira ngati ndine galimoto yofa pamsewu. Munthu amasiya foni pa tebulo m'nyumba ya khofi kuti asunge malo, n'kupita kuchimbudzi, n'kudzaipeza. Yesani zimenezo pa depoti ya Wenela mudzandiuze.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndinachiona usiku. Tikuchokera kokadya cha m'ma 10 koloko, tinadutsa dera lotchedwa Daechi-dong. Msewu wonse magalimoto ndi timabasi tachikasu ndandanda, ngati pa maliro a nduna. Kenaka zitseko za nyumba zosanja zinatseguka n'kuyamba kutuluka ana. Mazanamazana. Ena aang'ono ngati a Sitandade 4, zikwama zamatayala akukoka ngati akupita ku Joni. Palibe wothamanga, palibe woseka. Amalowa m'galimoto n'kutsamira zenera, tulo.

"Awa akuchokera kuti usiku uno?"

"Ku hagwon, amalume. Patitaimu ya kuno."

Mwana amaweruka ku sukulu ya boma masana, n'kulowa sukulu yolipira ya masamu, kutuluka apo ya Chingerezi, kutuluka apo ya sayansi. Mu Seoul lamulo limati hagwon azitseka 10 koloko usiku. Taganizani, mpaka boma kuika lamulo loletsa ana kuphunzira! Ndipo si koyamba. Mu 1980 mtsogoleri wa chisilikali Chun Doo-hwan analetseratu maphunziro olipira apaderawa, ati akulemeretsa olemera okhaokha. Anthu ankaphunzitsa mobisa ngati ogulitsa kachasu, mitengo n'kukwera chifukwa cha chiopsezo. Mu 2000 khoti loona za malamulo a dziko linagamula kuti chiletsocho n'cholakwika, ndipo chitseko chinatseguka mpaka lero. Mu 2023 mokha makolo a ku Korea anawononga ndalama zawo zokwana 27 trillion won pa maphunziro apaderawa. Ndi pafupifupi madola 20 biliyoni. Chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pachaka, fodya, tiyi, shuga, tomato wanu ndi kaunjika wanga, sichifika pamenepo.

Zonsezi akuthamangira tsiku limodzi. Mayeso olowera ku yunivesite otchedwa Suneung, amene anayamba mu 1993, amalembedwa tsiku limodzi lokha pachaka, Lachinayi la mu Novembala. Ife MSCE timalemba masabata angapo, ukaphonya pepala la lero umadzitolera mawa. Kumeneko ayi. Chikorea, masamu, Chingerezi, mbiri ya dziko, sayansi, zonse tsiku lomwelo, kuyamba 8:40 m'mawa, ena kutuluka 5:45 madzulo. Aliyense maso ali pa mayunivesite atatu, Seoul National, Korea ndi Yonsei, chifukwa amakhulupirira kuti wolowa kumeneko ntchito yabwino, ulemu, ngakhale banja labwino, zatheka. Ali ndi chonena chawo chakuti wogona maola anayi akhoza, wogona asanu alephera.

Mwayi wanga, kapena tsoka, chaka chimenecho mayeso anagwa pa 16 Novembala ine ndili komweko, ndipo mwana wamkazi wa mayi mwini nyumba ankalemba. Kanali kachiwiri. Chaka chapitacho anakhoza ndithu, koma osati mofika kumene ankafuna, ndiye anakhala chaka china chathunthu akuwerenga. Otero ndi ambiri zedi, mpaka ali ndi dzina lawolawo. Masabata awiri amene ndinakhala m'nyumbamo mtsikanayo ndinamuona katatu. Amachoka ndisanadzuke, amabwera nditagona. Chizindikiro choti alipo chinali nsapato pakhomo.

Kutatsala tsiku limodzi anansi anabwera ndi mphatso za maswiti omata ndi timikate ta mpunga tonyanda, ati kuti mwana amamatire pa mndandanda wa okhoza. Msuzi wa ndere za m'nyanja, umene amaukonda kwambiri, sabata imeneyo suphikidwa, ati ndi woterera, mwana angaterereke. Ndinakumbuka agogo amene ankatiletsa therere tsiku la mayeso. Mayiwo anali atatha masiku 100 akupita ku kachisi wa Chibuda wa Jogyesa kukagwada ndi chithunzi cha mwana m'manja, asanapite kukatsegula benchi. Akhristu nawo matchalitchi amadzaza tsiku limenelo, kupemphera motsata ndondomeko ya mapepala, ola la masamu pemphero la masamu.

M'mawa wa tsikulo ndinaona zimene sindidzaiwala. Ana oposa 500,000 analembetsa mayesowo dziko lonse. Maofesi a boma, mabanki ndi msika wa masheya anatsegula mochedwa ndi ola limodzi kuti misewu ikhale ya ana. Apolisi anali pa njinga zamoto, osati kufunsa laisensi, koma kunyamula mwana wochedwa, sairini ikulira mpaka pa geti. Ndipo masana, nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi, kwa mphindi 35 ndege sizinyamuka kapena kutera dziko lonse. Zimene zili m'mwamba zimazungulira kutali kudikira ana amalize. Asilikali amaimitsa zoombaomba zawo. Mu 2017 chivomezi chitagwedeza mzinda wa Pohang kutatsala tsiku limodzi, anasuntha mayeso a dziko lonse ndi sabata kuti ana a kumeneko asaponderezedwe.

Ndipo olemba mafunso amawatsekera kumalo obisika kwa mwezi ndi kuposa, opanda foni, mpaka pepala lomaliza litalembedwa. Apa ndinagwetsa nkhope pokumbukira 2020, pamene mayeso athu a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anali akuyenda pa WhatsApp ngati uthenga wa maliro, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021.

Ndinaima pa geti ndi mayiwo. Mtsikana analowa osacheuka. Geti litatsekedwa mayiwo anagwira zitsulo zake ndi manja awiri n'kuweramitsa mutu nthawi yaitali. Tsiku limenelo benchi sinatsegulidwe. Ndikuuzeni zoona, ndinachita nsanje. Ndinati m'mtima: dziko lolemekeza mwana wa sukulu chotere lilekerenji kulemera? Ife mwana amalemba mayeso atakhala pansi, denga likudontha.

Madzulo ake, mtsikana atagona, mayiwo anatulutsa kabotolo ka soju n'kuyamba kuyankhula, mnyamata wathu akumasulira. Anati theka la phindu la pa benchi kwa zaka khumi lapita ku hagwon. Anati anabereka mmodzi yekha chifukwa awiri sakanatha kuwalipirira. Anati alibe chimene wasunga cha ukalamba. Kenaka ananena mawu amene anandilasa: "Mwana wanga sindimudziwa. Ndimadziwa malikisi ake."

Si iwo okha. Mu 2023 chiwerengero cha kubereka ku South Korea chinatsika kufika 0.72, kutanthauza kuti amayi 100 akubereka ana 72 okha moyo wawo wonse, kuchepetsetsa pa dziko lonse lapansi. Kuno mayi mmodzi ndi ana pafupifupi anayi. Kumidzi ya kumeneko masukulu a pulaimale oposa 100 amatsegula chaka popanda ndi mwana mmodzi yemwe woyamba kalasi yoyamba. Mwa maiko olemera, Korea ndi limene anthu amadzipha kwambiri, ndipo pakati pa achinyamata imfa yotere imaposa ya matenda alionse kapena ngozi za pamsewu. Chaka chomwecho cha 2023 boma linalamula kuti m'mayeso achotsemo mafunso amene anthu anawatcha akupha, ovuta mwakuti wosapita ku hagwon yodula sangawayankhe.

Ndipo m'mawa uliwonse ndinkakumana ndi agogo opindika msana akukankha ngolo za makatoni otola m'misewu kuti akagulitse pa kilo. M'dziko la Samsung ndi Hyundai! Mwa okalamba khumi alionse, pafupifupi anayi amawerengedwa kuti ndi osauka. Ndiwo aja anamanga dzikolo, ndiwo aja anagulitsa zonse kuti ana aphunzire. Kale yunivesite ankaitcha nsanja ya mafupa a ng'ombe, chifukwa alimi ankagulitsa ng'ombe yolimira kuti alipire fizi. Inu amene mwagulitsapo mbuzi yomaliza kapena kudya mpamba chifukwa cha fizi, dzina limeneli simufuna womasulira.

Mawu akuti ng'ombe amenewa anandipatsa funso, ndipo yankho ndinakalipeza ku minda ya tiyi. Inde, tiyi aliko. Mnyamatayo ananditengera kumwera, ku Boseong, kumene mizere ya tiyi imakwera mapiri mokhotakhota. Nditatsika basi fungo lokha linandifikitsa ku Makwasa. Wawo ndi wobiriwira, sauyanika mpaka kuda ngati wathu, ndipo amathyola kuyambira mu Epulo, masamba oyambirira ndiwo odula. Anthu amalipira pa geti kuti angolowa kujambulitsa m'mizere ndi kudya ayisikilimu wa tiyi. Kwathu ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, alendo amapitanso kukagona ndi kulawa tiyi, koma sindinaonepo wothyola tiyi akujambulitsa mu mzere tsiku lopuma. Chodabwitsa china, Akorea eni ake tsiku ndi tsiku amamwa khofi, ndipo pa chakudya amamwa madzi owiritsa ndi barele kapena chimanga chokazinga. Mpaka ndevu za chimanga, zimene ife timataya, amaziika m'botolo n'kumagulitsa.

Tili pamwamba pa phiri ndinafunsa kuti, mlimi wa kuno ng'ombe yogulitsa anaitenga kuti, poti amati anali osauka ngati ife? Mnyamatayo anati, "Munda, amalume." Kale alimi ambiri a ku Korea ankalima minda ya eni malo n'kumapereka theka la zokolola. Mu 1950 boma linayamba kugawa malo: banja lisapitirire mahekitala atatu, otsalawo apite kwa amene akulimapo, ndipo wolandira azilipira ndi mbewu kwa zaka zisanu, munda n'kukhala wake. Munthu wa munda wake amasunga kambewu, amagula ng'ombe, ng'ombe n'kusanduka fizi.

Ndinakhala pa mwala. Agogo anga anabwera kuchokera ku Mozambique n'kugwira thangata, ntchito yolipirira malo ogona pa esiteti. Za malo zomwezi anthu a ku Thyolo anachita zipolowe mu 1953. Thangata anatha, ufulu unabwera mu 1964, matipate anabwera, sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994, koma achemwali anga kamunda kawo mukhoza kukaponya mwala kuchokera malire ano kufika malire ena. Kuseri kwa nyumba tiyi, kumaso tiyi, mpaka kumene maso alekezera, ndipo palibe tsamba limodzi lawo. Nthochi zimene zinkatiphunzitsa ana zinatha ndi matenda a chisaka. Andale akamatiuza pa msonkhano kuti Korea inali ngati ife koma inalimbikira sukulu, za minda amazidumpha.

Ndikanakhala wanzeru ndikanabwera ndi phunziro limenelo. Koma ine ndinabwera ndi la maola anayi.

Achemwali ali ndi chitsiriza, mtsikana, amene nthawi imeneyo anali Folomu 4 pa sekondale yoyendera. Nditafika mu Disembala, mvula itagwa, tiyi ali pa chimake, ndinapita kumudzi ndi nyale ya sola, wotchi ya alamu ndi pepala lalikulu. Ndinalemba ndondomeko n'kukhoma pakhoma. Kudzuka 3 koloko. Kugona 11 koloko. Loweruka patitaimu, ndilipira ine. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, mapepala akale. Netibo ayi, kwaya ayi. Ndinamuuza za ndege zodikira, za apolisi, za mtsikana wa nsapato pakhomo. Za botolo la soju ndi zimene mayi uja ananena sindinatchule. Achemwali anavomera: "Achimwene anu aona dziko, uwamvere." Mwanayo anagwada n'kulandira wotchi ndi manja awiri.

Mu Malichi 2024 ndili pa benchi foni inalira. Mwana wagwa m'njira ya m'tiyi popita kusukulu. Amene anamutola ndi amayi othyola, anamubereka kumsana mpaka ku kachipatala. Nditafika madzulo, adokotala anati magazi achepa, thupi latopa, ndipo m'mimba munalibe kanthu chiyambire dzulo lake. Anafunsa kuti mwanayu amagona maola angati. Achemwali anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Pa pepala langa lija ndinaiwala kulembapo zinthu zingapo. Amake amachoka mdima usanathe kuthamangira mgwazo, ndiye wotunga madzi ndi iye, wosesa ndi iye, wophikira ana a mchimwene wake wina ndi iye. Kusukulu ndi ulendo wa ola ndi theka wapansi, kukwera ndi kutsika, pobwera chimodzimodzi. Kadzutsa kulibe, poti miyezi imeneyo ufa umakhala wa pa mbale. Mwana wa ku Seoul amene ndinkamuyerekeza naye amadya katatu, nkhomaliro ya kusukulu ndi yaulere, amanyamulidwa pa galimoto, amagona pansi potentha, ndipo ngakhale iyeyo zikumupweteka.

Atatsitsimuka sanandikwiyire, ndipo bola akanakwiya. Anangofunsa motsitsa mawu: "Amalume, ana a ku Korea aja madzi amatunga nthawi yanji?"

Pepala ndinakang'amba ndekha. Ndalama ya patitaimu ndinagulira njinga yakale pa Luchenza ndi thumba la ufa wa phala la soya. Mnyamata wa pafupi ndinkamupatsa kangachepe kuti azitunga madzi mpaka mayeso atatha. Wotchi anabweza, ati ikalira mtima umagunda.

Mayeso analemba ndipo anakhoza, mapointi 27. Ku yunivesite ya boma sanamutenge. Yunivesite ya MUST ili m'boma lathu lomwelo, pa Ndata, inatsegulidwa mu 2014, ndipo tikamadutsa pa mphambano yake pa minibasi amayang'ana kwina. Sindidziwa ngati akanachita bwino koposa ndikanapanda kumutayitsa miyezi itatu ija, ndipo funso limeneli limandipeza usiku. Panopa ndi amene mumamuona pa benchi yanga atagwira buku la ngongole, ndipo chibwerere iye palibe wa inu amene wandizembetsa ngakhale K500. Akufunsira malo ku makoleji a uphunzitsi. Mtsikana wa ku Seoul uja naye ndinamva kuti analowa yunivesite, osati zitatu zija, ina. Amake anatumiza masokosi khumi ndi limodzi.

Ndiye pa chipereganyu paja, atandiloza, ndinati mayi wa tomato apatsidwe, ndipo ndinapereka malo anga a mwezi uno kuti pasakhale wodandaula. Aphunzitsi a patitaimu sindiwada, nawonso malipiro awo mukuwadziwa, ndipo malo ku sekondale za boma ndi ochepa moti kholo lililonse limagwira pamene lingagwire. Koma ndalama isanachoke pa tebulo ndinawafunsa mayiwo kuti mwana wochoka 5 koloko uja amadya nthawi yanji.

Anayamba awerenga ndalama, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Kenaka anati, "Akabwera."